BUKU NDI KHASU: KULONDOLA MAPAZI A TAYALI MU LUSAKA

Munthu wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akakwera basi mbandakuca, naoloka mlatho wa Luangwa dzuwa lisanafike pamutu, amayamba kuona zizindikiro za Lusaka dzuwa litapendeka. Akapitirira Chongwe magalimoto amaculuka, minda imacepa, ndipo posacedwa basi imafika pa mphambano ya mseu wopita ku bwalo la ndeke. Patsogolo pang'ono pamaoneka thanki yaitali ya madzi ya ku Chelstone, ndipo apaulendo amayamba kusonkhanitsa akatundu ao. Aliyense ali ndi cimene wadzera: wina waperekeza wodwala ku cipatala cacikulu ca UTH, wina wadzaona mwana, wina wadzapikula zobvala ku Kamwala. Ndi owerengeka okha amene amapeza mpata wofunsa kuti kodi zinthu zimene zinaimikidwa m'mabwalo a mzindawu anazipanga ndani, ndipo anali kuganiza ciani pozipanga.

Pali nchito ina imene kumudzi aliyense aidziwa, cinkana ilibe dzina. Pomanga mudzi watsopano akulu amayamba akhala pansi ndi kupangana kuti bwalo la milandu likhale patsinde pa mtengo uti, khola la ng'ombe liloze kuti, ndipo nkhokwe ziime pati kuti mwini aziziona ali pakhonde. Nyumba ikatha kumatidwa, amai amatenga dothi lofiira, loyera ndi lakuda nakongoletsa cipupa, kotero kuti mlendo amadziwira patali kuti pakhomopo pali munthu wosamala. Imeneyi ndi nchito yokonza malo kuti alankhule kwa anthu. M'mizinda nchitoyi igwiridwa ndi amisiri ocita kuiphunzira, ndipo mmodzi wa ana a Zambia oyamba kuilondola kufikira kutsidya kwa nyanja anali malemu Henry Tayali, katswiri wojambula ndi kuumba zifanizo, amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1987. Mbiri yao ili m'mabuku, koma ina inatsalira m'miseu ya Lusaka, kuyambira pa Chelstone pomwepa kufikira ku manda a Leopards Hill.

NG'OMBE YA ZITSULO

Pa mseu uja wopatukira ku bwalo la ndeke, limene linatsegulidwa mu 1967 ndipo mu 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda, panaima kale ng'ombe yamphongo yopangidwa ndi zitsulo zoocherera pamodzi. Alendo otsika m'ndeke anali kulonjeredwa ndi ng'ombeyo asanaone nyumba iliyonse ya Boma. Anaipanga ndi a Tayali. Mlimi wa ku Chadiza kapena wa ku Lundazi sakadafunsa tanthauzo lake, popeza adziwa yekha kuti ng'ombe ndiyo cuma ca pakhomo, ndiyo ikoka pulawo ndi ngolo. Cacilendo cinali cakuti mmisiriyo anasiya mtengo ndi dongo, zimene anthu anazolowera, natenga citsulo ca m'magalaji ndi m'migodi kuti apange naco ciweto ca kumudzi.

A Tayali anabadwira ku Serenje pa 22 November 1943. M'dera limenelo muli phanga la Nsalu, mmene anthu amakedzana anasiya zojambula pa thanthwe, monga momwe zilili pa Thandwe ndi pa Kalemba ku Cigawo ca Kum'mawa. Koma anakulira ku Bulawayo, m'dziko la Southern Rhodesia limene lero lichedwa Zimbabwe, kumene atate ao anali pa nchito. Masiku amenewo mabanja ambiri anali kutsikira kum'mwera kukafuna ndalama, ndipo kum'mawa kulibe mudzi wosakumbukira wina amene anapita ku Halale kapena ku Bulawayo. Kumeneko luso la mnyamatayo linaoneka msanga. Mzungu wina wa ku khonsolo ya mzindawo, Alex Lambeth, ataona zojambula zake anamlimbikitsa, ndipo pofika zaka 15 anali ataonetsa kale zithunzi zake poyera. Akulu anati m'mera mpoyamba. Zimene maso ake anakonda ali mwana ndi zomwe anapitiriza kujambula atakula: makamu a anthu wamba pamsika, pa nchito ndi m'mabwalo a mowa.

MNYAMATA WA KHASU PA YUNIVESITE

Basi ikacoka pa Chelstone nipitirira Munali, ku dzanja lamanzere kumaoneka mitengo yaitali ndi madamu a Goma, ndipo kuseri kwake kuli nyumba zikuluzikulu za simenti yosapaka utoto. Imeneyi ndiyo Yunivesite ya Zambia. Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, eni dziko amene anali ndi madigiri anali ongopitirira pang'ono 100. Cifukwa cace anthu anasonkha cuma kuti sukuluyi imangidwe, ndipo a kumidzi amene analibe ndalama anapereka nkhuku, mbuzi ndi zokolola. Ophunzira oyamba 312 analowa mu 1966. Mmodzi wa amisiri amene analemba mapulani a nyumbazi anali Julian Elliott, ndipo anazilumikiza ndi makwerero, makonde ndi tinjira, kuti ophunzira a maphunziro osiyanasiyana azikumana poyenda monga anthu a mudzi umodzi akumanira pa citsime.

Pa bwalo la sukuluyi paima cifanizo cochuka kopambana ca a Tayali, cochedwa The Graduate, ndiko kunena wotsiriza maphunziro. Wabvala mkanjo ndi cisoti ca anthu olandira digiri. M'dzanja limodzi wagwira buku, ndipo m'dzanja lina wagwira khasu. Caka ndi caka otsiriza maphunziro amajambulitsa zithunzi pamenepo pamodzi ndi makolo ao, ena ocokera kutali atabvala zitenje zatsopano.

Kholo lililonse limene linagulitsapo mbuzi kapena matumba a nsawa kuti mwana apite ku sukulu lidziwa nkhawa imene khasu limeneli liyankha. Nkhawayo ndi yakuti mwana akaphunzira adzacita manyazi ndi kwao, adzaiwala cinenero, ndipo adzangobwera pa maliro. Mmisiriyo akadatha kuumba wophunzira wonyamula buku lokha, ndipo palibe akadamdzudzula. Iwo anaika khasu poyera, pakati peni-peni pa malo a anthu ophunzira, kuti yense wodutsa akumbukire amene analipira njerwa za sukuluyo.

Funso limenelo linali la iwo eni, pakuti nawonso anali mwana woyenda. Mu 1967, mothandizidwa ndi Boma la Zambia, anapita ku Yunivesite ya Makerere ku Uganda, kumene kunali sukulu ya zojambula imene Mai Margaret Trowell anayambitsa mu 1937. Analandira digiri mu 1971, caka comwe Idi Amin analanda boma m'dzikomo, ndipo atabwerera anayamba nchito pa Yunivesite ya Zambia, m'cigawo cofufuza za miyambo ndi mbiri ya Africa. Sanakhalitse, ulendo wina wautali unawapeza.

ZAKA ZA KU GERMANY

Mu 1972 bungwe la ku West Germany lochedwa DAAD, limene limalipirira ophunzira a maiko ena, linawapatsa malo pa sukulu yaikulu ya zaluso ya mumzinda wa Düsseldorf, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine. Kumeneko nyengo yacisanu madzi amauma ngati mwala, dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndipo mlendo ayenera kuyamba waphunzira Cijeremani asanagule ndi buledi yemwe.

Maphunziro a pa sukulu imeneyo sali ngati a pa sukulu zina, pamene ana amakhala m'mizere ndi kulemba zimene mphunzitsi wanena. Wophunzira amapatsidwa malo m'cipinda cacikulu cogwiriramo nchito, pansi pa mmisiri wamkulu mmodzi, ndipo amayesa yekha zimene mtima wake ufuna. Akalakwitsa amaphwanya nayambanso. Kamodzi pa caka zitseko zimatsegulidwa, ndipo anthu a mumzinda amalowa kudzaona ndi kudzatsutsa. M'caka comwe a Tayali anafika, sukuluyo inali pa mkangano waukulu. Mphunzitsi wina wochuka, Joseph Beuys, amene anali kupanga zinthu zake ndi mafuta ouma ndi nsalu zocindikala za ubweya, anacotsedwa nchito mu October 1972 kaamba kolandira ophunzira amene akulu a sukulu anawakana. Iye anali kuphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi luso mwa iye. Motero mlendo wa ku Zambia anafika pamalo pamene amisiri anali kufunsana kuti kodi cifanizo n'ciani, ciyenera kupangidwa ndi ciani, ndipo ciyenera kuima kuti.

Ajeremani alinso ndi mwambo wakale wogoba cithunzi pa thabwa, kulipaka inki ndi kulidinda pa pepala. Amisiri ao, monga Mai Käthe Kollwitz, anagwiritsa nchito njira imeneyi poonetsa masautso a amphawi ndi a akazi amasiye. A Tayali anaikonda njirayi ndipo anasiya zithunzi zambiri zotere. Ubwino wake ndi wakuti thabwa limodzi limabala zithunzi zambiri, kotero kuti cithunzi sicikhala ca munthu wolemera mmodzi yekha.

Mmisiri wofika pa msinkhu wotero akadatha kukhazikika ku Ulaya, kumene kuli ogula ambiri ndi zipangizo zosasowa. Kuno zinthu zinali zitayamba kuthina. Malire a ku Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo katundu wocokera kunja, monga utoto wa ojambula, anali wobvuta kupeza. Koma kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. A Tayali anabwerera mu 1975, ndipo mu 1976 anapatsidwa udindo wa Mmisiri wa Yunivesite.

MZINDA WOLEMBEDWA NDI ALENDO

Kucoka pa Yunivesite mseu umatsikira ku Manda Hill, pamene pali Nyumba ya Malamulo yokutidwa ndi mkuwa, ndipo pafupi pomwepo pali Showgrounds, bwalo limene alimi alidziwa bwino cifukwa ca cionetsero ca zaulimi ca kumayambiriro kwa August. M'kati mwa bwalo limenelo muli nyumba yoonetsera zithunzi ndi zosema yochedwa Henry Tayali Visual Arts Centre. Bungwe la amisiri a m'dziko lino, Visual Arts Council, limene linakhazikitsidwa iwo atangomwalira, ndilo linaipatsa dzinalo. Mlimi amene wadzaona ng'ombe ndi mathirakitala angathe kupatukirako pang'ono.

Kuti munthu amvetse cimene a Tayali anali kulimbana naco, ayenera kufika pakati pa tauni ndi kufunsa mmene mzindawu unayambira. Dzina lake linacokera kwa mfumu Lusaaka, ndipo mu 1905 panali kasitesheni ka njanji cabe. Mu 1931 Boma la atsamunda linalandira mapulani kwa Profesa Stanley Adshead wa ku London, ndipo mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kudza kuno. Mapulaniwo anali a mzinda wa miseu yotakata, mitengo ya maluwa ndi mapuloti akulu, koma zonsezi anakonzera Azungu. Munthu wakuda anali kuyesedwa wanchito wongodutsa, woyenda ndi citupa m'thumba, wogula nyama pawindo, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha. Dzina la Cairo Road lomwe likumbutsa maloto a Cecil Rhodes ofuna mseu ndi njanji kucokera ku Cape kufika ku Cairo. Anthu amene mapulani anawaiwala anadzimangira okha makomboni monga Kalingalinga, Kanyama ndi Chawama, ndipo lamulo lowabvomereza linadza mu 1974.

Zifanizo za m'mabwalo nazonso zinali za alendo. Mu 1960 kampani ya British South Africa inaimika mu Lusaka cifanizo ca munthu wokwera pa kavalo, cokumbutsa Rhodes. Ufulu utabwera cinacotsedwa ndi kutumizidwa ku Salisbury. Mu 1974, pokondwerera zaka 10 za ufulu, pa Independence Avenue panaimikidwa Freedom Statue, munthu wodula maunyolo amene aliyense wamuona pa ndalama za kwacha. Cifanizoco ndi cokondedwa ndi mtundu wonse, koma anaciumba ndi Mngelezi, James Butler. Nyumba yosanja ya Findeco, ya zipinda zosanjikana 23, imene iima kumapeto a Cairo Road, analemba mapulani ake ndi amisiri a ku Yugoslavia. Dziko linali ndi ufulu, koma manja okonza maonekedwe a likulu lake anali kubwerekedwa.

Ici ndico cifukwa cace a Tayali analimbikira kuti pa Yunivesite pakhale sukulu yeni-yeni ya zaluso, cinthu cimene sanacione ndi maso ao. Masiku amenewo wacinyamata wofuna nchitoyi anali kupita ku Evelyn Hone College pa Church Road, koleji imene inatsegulidwa mu 1963. Kumeneko kunali cipinda ca bungwe la Art Centre Foundation, mmene ojambula anali kukumana ndi kudinda zithunzi zao. Mu 1986 a Tayali, Mai Cynthia Zukas ndi Mai Bente Lorenz, mmisiri woumba mbiya wocokera ku Denmark, anayambitsa bungwe la Lechwe Trust kuti lizigula ndi kusunga nchito za amisiri a m'dziko lino, zisathere kunja.

OSEMA A KU KABWATA

Kucoka pa Independence Avenue, mseu wa Burma Road umapita ku Kabwata. Pakati pa nyumba zosanja za masiku ano pali kamudzi ka nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, ndipo mlendo wa kumudzi akakaona amayesa wafika kwao. Koma nyumbazi sizinamangidwe ndi eni mudzi. Boma la atsamunda linazimanga m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, mazana angapo, kuti muzigona amuna anchito opanda mabanja ao. Mmisiri amene anazilemba anatengera maonekedwe a nyumba ya kumudzi, koma anasiya bwalo, nkhokwe, mtondo ndi ana, zimene zimacititsa kuti mudzi ukhale mudzi. Zambiri zinagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pomanga nyumba zosanja. Zokwana 43 zinasungidwa, ndipo mu 1974 malowo anasanduka Kabwata Cultural Village, mudzi wa osema ndi oluka ocokera m'zigawo zosiyanasiyana.

Pansi pa mitengo pamamveka kulira kwa kasemasema ndi sompho. Pamphasa pamayalidwa mvuu, njobvu ndi akadyamsonga a mlombwa ndi phingo, ng'oma, madengu ndi mipando. Anthu amenewa ali ndi manja aluso osacepera a munthu wa digiri. Bvuto lao ndi lakuti cakudya ca lero cicokera pa cimene cagulidwa lero. Mlendo wa ku Ulaya akakonda mvuu, wosema ayenera kusemanso mvuu mawa ndi mkuja, cinkana mumtima mwake muli cinthu cina cimene sanaciyesepo. Akataya sabata pa cinthu cacilendo cimene sicidzagulidwa, ana agona ndi njala.

Apa ndipo paoneka phindu la maulendo onga a a Tayali. M'maiko ambiri muli mwambo woitana mmisiri kuti akakhale mlendo kwa miyezi kapena zaka, umene pa Cingelezi aucha residency. Oitanawo amampatsa pogona, cipinda cogwiriramo nchito, zipangizo ndi ndalama pang'ono za cakudya, osamfunsa kuti wagulitsa zingati. Cimene mmisiri amalandira kumeneko kweni-kweni ndi nthawi yoyesa ndi kulakwitsa popanda kuopa njala. Mlimi amene anapatulapo kamunda kakang'ono koyeserapo mbeu yatsopano adziwa kuti wocita zotere ndi uyo ali ndi cimanga m'nkhokwe.

KUSERI KWA MIPANDA

Kum'mawa kwa Kabwata, kupitirira State House, kuli Woodlands ndi Kabulonga, madera amene kale anali a Azungu. Kuno miseu ili phee, ndipo m'miyezi ya September ndi October mitengo ya jakaranda imagwetsa maluwa ake pa phula. Ku Kabulonga miseu ina ili ndi maina a nyama za m'chire pa Cingelezi, monga Sable, Roan ndi Kudu. Kuseri kwa nyumba zakale zambiri kukali kanyumba kakang'ono ka wanchito, cizindikiro ca mapulani aja a atsamunda. Lero eni nyumba ambiri ndi ana a Zambia, koma mipanda ya njerwa yatalika kuposa kale, ndipo woyenda pansi amangoona madenga ndi nsonga za mitengo.

M'madera otere ndimo mukhala ogula zithunzi: akazembe, akulu a makampani ndi alendo. Popanda iwo amisiri ambiri sakadakhala ndi moyo, ndipo pa mseu wa Middleway ku Kabulonga pali nyumba yoonetsera zithunzi yochedwa 37d Gallery. Koma cithunzi cikalowa kuseri kwa mpanda cimaonedwa ndi banja limodzi, ndipo mwini akasamukira kwao cimapita naye. Izi zinacitikira cithunzi cacikulu ca a Tayali cochedwa Destiny, cimene anajambula akali ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1960. M'cithunzimo muli khamu losawerengeka la anthu onyamula ndi kukoka zitsulo pomanga mzinda wa nyumba zazitali. Anacigula ndi mwana wa Sir Humphrey Gibbs, Bwanamkubwa wa Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake cinakafika ku England. Kenaka bungwe lija la Lechwe Trust linaciombola ndi kucibweretsa ku Zambia. Mu 2018 bungweli linatsegula nyumba yakeyake yoonetsera zithunzi pa Lagos Road ku Rhodes Park. Munthu akadziwa mbiri imeneyi amamvetsa kulemera kwa cifanizo coima pabwalo, cimene wokwera njinga ndi wogulitsa tomato amaciona osalipira ngwee.

Kucoka m'maderawa mseu wa Leopards Hill umaloza kum'mwera cakum'mawa, kudutsa pa manda akulu a mzindawu. Mu July 1987 a Tayali anali pa ulendo ku Ulaya, ndipo pa 22 mwezi womwewo anamwalira mumzinda wa Aachen ku West Germany, ali ndi zaka 43 zokha. Thupi lao linabwera pa ndeke ndi kuikidwa ku Leopards Hill. Anapita msanga, akali ndi zambiri m'manja.

AMENE ANATSATA NJIRAYO

Njira imene iwo analambula sinamere udzu. Mai Anawana Haloba, obadwira ku Livingstone mu 1978, anayambira pa Evelyn Hone College, napitiriza maphunziro ku Oslo m'dziko la Norway, kenaka anaitanidwa kukakhala mlendo pa Rijksakademie mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands. Kumeneko amisiri pafupifupi 50 a maiko osiyanasiyana amapatsidwa aliyense cipinda cake kwa zaka ziwiri, m'nyumba zimene kale zinali za asilikali a pa akavalo. Nchito ya maiwa si cithunzi copacika pa cipupa. Iwo amatenga cipinda conse nacikonza ndi mcere, mau omveka m'makina ndi zithunzi zoyenda, kuti wolowamo ayende m'kati mwa nkhani imene afuna kunena. Mu 2009, pa cionetsero cacikulu ca ku Venice m'dziko la Italy, anamanga kasitolo konga ka pamsika, kodzala ndi katundu wa maina a maiko osauka, kuti woona adzifunse za malonda a pakati pa maiko olemera ndi osauka. Mlimi wa thonje kapena wa fodya, amene mtengo wa mbeu zake umagamulidwa ndi anthu amene sanawaonepo, akadaimva nkhaniyo popanda womasulira. Mu 2014 maiwa anathandiza kukhazikitsa malo a amisiri kwao ku Livingstone, ochedwa LoCA.

Bambo Victor Mutelekesha, obadwira ku Chililabombwe, anayenda njira yomweyo ya Evelyn Hone ndi Oslo. Mu 2023 anatsegula Lusaka Contemporary Art Centre ku Chamba Valley, kumpoto cakum'mawa kwa mzinda, kosatalikira kweni-kweni ndi Chelstone. Pamalopo anamangapo nyumba yoonetsera nchito za amisiri, cipinda ca mabuku ndi zipinda zogona alendo. Motero mwambo uja woitana mmisiri kudzakhala mlendo, umene ana a Zambia anali kuulondola ku Ulaya, unapeza khomo mu Lusaka momwe.

Si onse opita kunja amene amabwerera, ndipo si bwino kuwaweruza msanga, pakuti mmisiri nayenso afuna kudya ndi kuphunzitsa ana. Komanso obwererawo sangathe kusenza katundu yense okha. Cifanizo ca citsulo cimacita dzimbiri, ca simenti cimang'aluka, ndipo mseu ukamakuzidwa cimene cinaima pambali cingathe kucotsedwa osadziwika kumene capita. Kusunga zinthu zimenezi ndi nchito ya makhonsolo, ya masukulu ndi ya anthu wamba odutsapo tsiku ndi tsiku.

Mlendo uja akatsiriza zimene anadzera amakwera basi pa sitesheni ya Intercity, pa Dedan Kimathi Road, kukali mdima. Basi imadutsa pa Manda Hill, pa Yunivesite ndi pa thanki ya Chelstone, niloza ku Luangwa. Akafika kumudzi mwina adzapeza mwana wake ali kudambo, ng'ombe zili kudya, iye ali kuumba zina za dongo ndi kuzibaya minga kuti zikhale nyanga. Makolo ambiri amakalipa poona zotere, poyesa kuti ndi ulesi. Asanatenge mkwapulo, ndi bwino ayambe aiyang'anitsitsa ng'ombe yadongoyo, aone ngati linunda lakhala pamalo pake ndi miyendo yaima bwino. Ngati zili tero, aiike pakhonde kuti iume, ndipo akapeza mpata akaionetse kwa aphunzitsi.